Bainokyula ya 10x50 poonera nyenyezi zikuluzikulu zofiira, yandikhutiritsa koma dziwani izi musanagule

Ndiyambe ndi chimene anthu amafunsa kaye, ayi, bainokyula imeneyi siikuonetsani kukula kwa Betelgeuse, nyenyezi yaikulu yofiira ya m'gulu la nyenyezi lotchedwa Orion. Nyenyeziyo ndi yaikulu kuposa dzuwa lathu maulendo pafupifupi 700 m'mimba mwake, mukanaiika pomwe pali dzuwa ikanameza Mercury, Venus, dziko lathu lino ndi Mars yemwe, koma ili kutali zedi moti kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 500 kuti kufike kuno, ndiye m'galasi mumangoona kadontho basi. Ngakhale telesikopu ya pakhomo yodula imaonetsa kadontho komweko. Albert Michelson ndi Francis Pease anachita kugwiritsa ntchito telesikopu yaikulu ya ku Mount Wilson ku America mu 1920 kuti ayeze kukula kwake, ndipo anachita kuwonjezerapo zipangizo zina pamwamba pake. Ndiye wogulitsa akakuuzani kuti muona nkhope ya nyenyezi, musamumvere.

Nanga ndinaigulira chiyani? Mtundu ndi kusintha kwa kuwala, zinthu ziwiri zimenezi, ndipo pamenepa yagwira ntchito kuposa mmene ndimaganizira.

Yanga ndi ya 10x50 wamba, 10 ndiye kuti imakuza ka 10, 50 ndi mamilimita a magalasi akutsogolowo. Mukaloza Betelgeuse pa phewa la Orion kenako n'kusunthira kwa Rigel, nyenyezi ina yowala ya m'gulu lomwelo, kusiyana kwake kumachita kuonekeratu, Rigel yoyera mopita ku buluu, Betelgeuse ngati khala la moto lomwe layamba kuzilala. Chifukwa chake ndi kutentha, pamwamba pa Betelgeuse ndi madigiri cha m'ma 3,600 pa sikelo ya Kelvin pomwe dzuwa lathu ndi pafupifupi 5,800. Betelgeuse inamaliza mpweya wa hydrogen wa pakati pake, inafufuma, ndipo kunjaku kunazizira. Chimene chimandikhudza ine n'choti ndi yaing'ono msinkhu, zaka pafupifupi 10 miliyoni zokha pomwe dzuwa lili ndi 4.6 biliyoni, koma chifukwa cholemera kwambiri yawotcha mafuta ake mothamanga ndipo tsopano ikupita kumapeto, akatswiri amati idzaphulika ngati supernova, kuphulika kwakukulu kwa nyenyezi pa mapeto a moyo wake, mkati mwa zaka 100,000 zikubwerazi. Antares ya m'gulu la nyenyezi la Scorpius ndi mtundu womwewo ndipo m'galasimu imakongola chimodzimodzi.

Tsono pa Betelgeuse penipenipo ndinene zoona, kuti mutsate kusintha kwake bainokyula siikufunika kwenikweni. Ndi yowala kwambiri, maso okha amakwana, mumangoifanizira ndi Rigel, Aldebaran ndi Bellatrix. Amene ankayang'ana kumwamba kumapeto kwa 2019 mpaka February 2020 akukumbukira mmene inazilalira kufika pa 1.6 pa muyeso wa kuwala kwa nyenyezi wotchedwa magnitude, kufanana ndi Bellatrix, anthu mpaka kumati basi ikuphulika, kenako zithunzi za telesikopu ya m'mlengalenga ya Hubble ndi Very Large Telescope ya ku Chile zinasonyeza kuti inalavula mpweya wambiri womwe unazizira n'kusanduka fumbi lotchinga mbali ina. Zonsezo zinkaoneka popanda galasi. Komanso bainokyula imangokuonetsani kachigawo kochepa ka thambo, ndiye Betelgeuse ndi Rigel sizikwana pamodzi, kufananiza kumavuta.

Pomwe ndalama yanga inabwerera ndi pa VY Canis Majoris. Eeh, iyi ndiye nyenyezi. Ili mu Canis Major, gulu lomwe muli Sirius, cha kufupi ndi kagulu ka nyenyezi kotchedwa NGC 2362, ndipo nthawi zambiri ndi maso simungaione chifukwa kuwala kwake kumasinthasintha pakati pa magnitude 6.5 ndi 9.6, kumbukirani kuti nambala ikamakwera ndiye kuti kuwala kukuchepa. Kukula kwake amati ndi pafupifupi maulendo 1,400 kuposa dzuwa, kutanthauza kuti ikanadutsa njira yomwe Jupiter amazungulira, ndipo kuwala komwe kukulowa m'diso lanu kunanyamuka zaka pafupifupi 3,800 zapitazo. Imataya mpweya ndi fumbi lochuluka moti yazunguliridwa ndi mtambo wake womwe. Ndi 10x50 usiku wopanda mwezi, kutali ndi magetsi, ndimaipeza, kadontho kofiirira kofooka, koma ikazilala kwambiri imafika pa malire a galasili, nthawi zina sioneka n'komwe mpaka mudikire masabata. Kwa ine kudikirako ndiye kukoma kwake, mukubwerera pamalo omwewo n'kupeza kuti chinthu chasintha, chimphona chikupuma ndipo inu mukuchiona ndi kachipangizo ka m'manja.

Kuti muipeze mufunika mapu, ine ndimatenga a AAVSO, bungwe lomwe lakhala likusonkhanitsa zoona anthu wamba pa nyenyezi zosinthasintha kuyambira 1911, mapu awo amaonetsa nyenyezi zoyandikana ndi manambala ake kuti muzifananiza. Chenjezo limodzi, nyenyezi yofiira mukaiyang'anitsitsa nthawi yaitali imayamba kuoneka yowala kuposa mmene ilili, ndi mmene diso limachitira, ndiye muzingoponya diso mwachangu, kapena musokoneze fokasi pang'ono kadonthoko kafalikire kenako mufananize. Gudumu la fokasi pa yangayi ndi lofewa bwino, njira imeneyi imatheka mosavuta ngakhale manja atazizira.

Zodandaula zilipo. Choyamba ndi kunjenjemera, kukuza ka 10 kumakuzanso kugwedezeka kwa manja anu, pa Betelgeuse zilibe kanthu koma pa VY nyenyezi imasowa chifukwa chongovina m'galasi, ndiye muyenera kutsamira khoma, kugona chagada pa mpando wopendekeka, kapena kugula kachitsulo kolumikizira pa choimikira cha miyendo itatu (tripod), komwe m'bokosi munalibe ndipo palibe anandiuza. Chachiwiri chimandiwawa kwambiri chifukwa chikukhudza mtundu weniweniwo, nyenyezi yowala ikakhala m'mphepete mwa galasi imatulutsa kamzere kapepo ndi kobiriwira, ndiye munthu wongoyamba kumene angaganize kuti ndi mtundu wa nyenyeziyo. Muziiika pakatikati nthawi zonse. Zotsekera magalasi nazo ndi zolobodoka, zimangogwa mumdima, ndipo mame akayamba kugwa magalasi amachita nthunzi msanga. Kulemera kwake pakhosi mumakumva pakapita kanthawi, lamba wake ndi woonda.

Ena amati bwanji osangogula 7x50 poti siigwedezeka kwambiri, ndi zoona, koma ine ndimaona kuti 10x50 imadetsa thambo kumbuyoku pang'ono ndipo tinyenyezi tofooka timatuluka bwino, ndiye pa ntchito ngati iyi ndingasankhe 10 yomweyo. UY Scuti, ija anthu amaitchula kuti yaikulu kuposa zonse, musaiwerengere pa galasi ili, ndi yofooka ndipo ili pamalo pothithikana nyenyezi, komanso miyeso yatsopano inatsitsa kukula kwake kuchoka pa maulendo 1,700 kuposa dzuwa omwe ankanenedwa kale. Amene ali m'mayiko a chakumpoto kwa dziko lapansi ali ndi mwayi wa Mu Cephei, yofiira kwambiri ndipo yosavuta ndi bainokyula.

Ngati mukufuna kugula, yesani kaye masana poloza chinthu chakutali muone ngati maso awiri akupanga chithunzi chimodzi, chikaoneka pawiri ibwezeni pompo. Orion ndi Canis Major zimaoneka bwino madzulo kuyambira December mpaka March, ndiye ikafika m'manja mwanu nthawi imeneyo muyamba nayo ntchito usiku womwewo.