Njinga yanga yokwerera mapiri patapita miyezi: gudumu lakumbuyo ndi limene landidya ndalama

Mnzanga wina amene akufuna kuyamba kupalasa m'misewu yaphula ya kumidzi, ija yokhotakhota m'mapiri imene galimoto zimadutsamo mwa apo ndi apo, anandifunsa ngati njinga imene ndinagula ndi yoti nayenso angaponyerepo ndalama zake. Funsoli linandipeza nditangolipira kumene ndalama zomangitsira gudumu lakumbuyo latsopano, choncho ndinalephera kumuyankha ndi mawu amodzi, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndilembe zonse mwatsatanetsatane.

Njingayi ili ndi felemu ya aluminiyamu, matayala a mamilimita 28 m'lifupi, ndi mabuleki a disiki oyendera mafuta. Felemu ilibe vuto lililonse mpaka lero. Mabuleki amagwira mofanana kaya kuli dzuwa kaya kukugwa mvula, ndipo pamtsetse wautali manja satopa chifukwa chala chimodzi chimakwanira. Chishalo ndinachizolowera msanga. Matayala amabowoka mwakamodzikamodzi, ndipo ndikachepetsako mpweya pang'ono amameza bwino mabampu a phula lokalamba. Tcheni ndimachiyeza ndi kachitsulo koyezera ndipo ndimachisintha chikatalika ndi 0.5 peresenti, kuopa kuti chingadye mano a magiya.

Magiya ndiwo ndiyenera kuwayamikira kwambiri, ndipo chifukwa chake chili m'misewu yeniyeniyo. Msewu waukulu amaumanga podula phiri ndi kukwirira chigwa kuti magalimoto olemera akwere mosavuta, koma msewu waung'ono wakumudzi umangotsatira mmene dziko lilili. Umatsikira kumtsinje, kuwoloka kamlatho, kenaka n'kuyamba chikweza chachifupi koma choimirira, nthawi zina chokwera mamita 10 pa mamita 100 aliwonse. Munthu amene wasankha njira yabata wasankhanso zitunda zotere. Njingayi kutsogolo ili ndi magiya awiri, a mano 50 ndi 34, ndipo kumbuyo amayambira pa mano 11 kufika 32. Ndikaika tcheni pa 34 kutsogolo ndi 32 kumbuyo, mapedulo akazungulira kamodzi njinga imayenda mamita awiri ndi pang'ono chabe, kotero kuti ndimakwera nditakhala pachishalo, mawondo osadandaula. Pa mbali imeneyi wogulitsa sananame pondilozera njingayi kuti ndi yoyenera kukwerera mapiri.

Vuto linayamba pa chitunda chimodzi chotere. Ndinali nditaimirira pamapedulo pafupi ndi pamwamba pamene ndinamva kulira kwakuthwa kumbuyo, kenaka kachitsulo kakugogoda felemu gudumu likazungulira. Sipoko inali itaduka pamene imapindikira polowa mu habu, chitsulo cha pakati pa gudumu, mbali yakumanzere, kamutu kake katatsalira m'bowo. Nditanyamula njinga n'kuzungulitsa gudumu, rimu inkapita uku ndi uku moti tayala linkatsala pang'ono kukhudza felemu. Gudumuli linali ndi masipoko 24 okha, ndipo pa gudumu la masipoko ochepa chotere, imodzi ikaduka kupindika kwake kumakhala kwakukulu. Ndinaikulunga sipoko yodukayo pa inzake kuti isakole tcheni, n'kubwerera pang'onopang'ono. Chimene chinandithandiza n'chakuti mabuleki a disiki sagwira pa rimu, chifukwa akanakhala a mtundu wakale uja gudumu likanamakhula pa labala njira yonse.

Apa m'pamene ndinaonera mbali ina ya misewu yabata. Bata limene ndimalikonda, loti munthu umamva mphepo ndi tcheni chokha, limatanthauzanso kuti palibe galimoto yoti ingakunyamule, wokonza njinga ali kutali, ndipo m'zigwa zina foni imakhala ilibe netiweki. Pamsewu wotere gudumu lokayikitsa limachotsa mtendere wonse, pakuti pa mtsetse uliwonse maganizo amakhala ali kumbuyo m'malo moyang'ana miyala yomwazika pokhota.

Wogulitsa anaika sipoko ina mwaulere ndipo anawongola gudumu, ndipo ine ndinkayesa kuti nkhani yatha. Sipanapite nthawi yaitali ina inaduka, mbali yomweyo, malo omwewo, pa chikweza chinanso. Itaduka inanso pambuyo pake, ndinapita ndi gudumulo kwa mmisiri wina wachikulire amene ntchito yake ndi kumanga magudumu pamanja. Iye sanafulumire kuyankhula. Anayamba kudola masipoko imodziimodzi ndi chala ngati nsambo za gitala, ndipo ngakhale ine ndinamva kuti ina ikulira mokweza, ina ikulira mwabesi, kusonyeza kuti sanakungidwe mofanana. Kenaka anatenga chida choyezera kukungika n'kunditsimikizira zomwezo.

Mmene anandifotokozera n'zakuti gudumu lakumbuyo silikhala lofanana mbali zonse. Magiya amakhala kumanja ndipo amatenga malo, choncho masipoko akumanja amaima chilili ndipo amakungidwa kwambiri, pamene akumanzere amakhala opendekeka ndi okungika pang'ono. Gudumu likamazungulira, sipoko imene yafika pansi imakhwefukako chifukwa cha kulemera, kenaka imakungikanso ikakwera. Ngati inali yokhwefuka kale, imafika pomasukiratu, ndipo kupindika ndi kuwongoka kobwerezabwereza kumeneku kumatopetsa chitsulo pa khosi paja mpaka chimathyoka. Kukwera phiri pa giya yopepuka kumawonjezera mphamvu yopotokola pa habu, n'chifukwa chake vutoli limaonekera msanga kwa ife okonda zitunda kusiyana ndi amene amapalasa pachidikha. Anawonjezera kuti womanga gudumu wosamala amafinya masipoko awiriawiri mwamphamvu akamaliza kukunga, kuti akhazikike m'malo mwake, ndipo kuti gudumu langa linkaoneka kuti ntchito imeneyi silinailandire. Mawu ake omaliza anali akuti, "Achimwene, masipoko atsalawa atopa onse pamodzi, kusintha imodziimodzi n'kungotaya ndalama."

Ndinabwerera kwa wogulitsa ndi mawu amenewa, ndipo apa m'pamene mtima wanga unaipira njingayi. Pa lisiti analembapo lonjezo lokonza mwaulere kwa chaka chimodzi, koma tsopano anati masipoko ali m'gulu la zinthu zimene zimatha ndi ntchito, monga matayala ndi tcheni. Anatinso mwina ndimalemera kwambiri, mwinanso misewu imene ndimayendamo ndi yoipa. Izi zinandipweteka, chifukwa tsiku logula ndinawauza momveka kuti njingayi ndi yokwerera mapiri m'misewu yakumidzi, ndipo iwo eni ndi amene anandilozera imeneyi ine nditaima pamaso pawo, thupi langa akuliona. Tayala limatha chifukwa limakhula pansi, koma sipoko siikhula paliponse, ndipo pa gudumu lomangidwa bwino imakhala zaka zambiri. Tinakambirana nthawi yaitali mwaulemu, koma chimene anavomera chinali kupitiriza kusintha sipoko iliyonse ikaduka, zimene kwa ine zinkatanthauza kupitiriza kudukiridwa ndili kutali.

Pamapeto pake ndinalipira ndekha. Mmisiri uja anandimangira gudumu la masipoko 32, amtundu wa mamilimita 2 kumapeto ndi 1.8 pakati, amene amatambasukako pang'ono pakatipo m'malo mosiya katundu yense pa khosi. Gudumuli ndi lolemererapo, koma kulemerako sindikumva pokwera, ndipo chilowereni pa njinga silinapindike ngakhale pang'ono. Tsiku limene ndinatsika mtsetse wautali osaganizako zakumbuyo, ndinayambanso kuikonda njingayi monga poyamba, ndipo pa masiku otere ndimatha kuuza aliyense kuti ndi njinga yabwino kwambiri. Ndikayang'ana lisiti ya gudumu maganizo amasintha, chifukwa ndikaphatikiza ndalama imeneyo ndi ya maulendo opita kokonzetsa, kutchipa kumene kunandikopa poyamba kunatheratu, ndipo ndikanatha kugula njinga ina yokwererapo mtengo yokhala ndi magudumu abwino kale.

Mnzanga uja ndinamuuza kuti akhoza kuigula, pokhapokha wogulitsa avomere kuti gudumu lakumbuyo liyezedwe ndi kukungidwanso pamanja njinga isanatuluke m'sitolo, komanso alembe pa lisiti kuti masipoko ali m'gulu la zokonzedwa mwaulere. Akakana zimenezi, awerengere mtengo wa gudumu lina pamwamba pa mtengo wa njinga asanayerekeze ndi zina. Ine gudumu lakale lija ndinawasiyira ogulitsawo pamodzi ndi kalata yopempha kuti andibwezere theka la ndalama zimene ndinawononga, ndipo anati akambirana kaye ndi amene amawatumizira katundu. Tcheni ndi mafuta ndayamba kugula kwina kufikira atandiyankha.