NFS, OpenAFS, GlusterFS ndi CephFS: iliyonse ili ndi matenda ake

Anzanga oyang'anira maseva, funso loti mafayilo a anthu ambiri tiziwasunga pa chiyani limabwera pafupipafupi, ndipo mkangano wake umakonda kuthera pa liwiro ndi kuchuluka kwa ma terabyte. Ine muyeso wanga ndi wina. Njira zonse zinayi zogawirana mafayilo pa netiweki zimene ndikambe pano, NFS, OpenAFS, GlusterFS ndi CephFS, zimayenda bwino zinthu zikakhala bwino. Kusiyana kwake kumaoneka tsiku limene seva yagwa, magetsi azima kapena disiki yadzaza, foni ikungolira, inu muli nokhanokha m'chipinda cha maseva. Choncho ndiziyerekeza poona mmene iliyonse imavutira, ndiponso kuti pamafunika anthu odziwa angati kuti ntchito iyambirenso.

NFS ndiye nkhalakale. Inachokera ku Sun Microsystems mu 1984, ndipo mpaka lero kuikhazikitsa ndi mzere umodzi mu /etc/exports, kenaka `exportfs -ra`, basi. NFSv4 imadutsa pa port imodzi yokha, 2049, pomwe NFSv3 imafunanso rpcbind pa 111 pamodzi ndi mountd, statd ndi lockd zimene ma port ake amasinthasintha mukapanda kuwakhazikitsa. Ngati pakati pali firewall, tengani NFSv4 musadzivutitse.

Matenda ake ndi odziwika, ndipo ichi ndiye ndimaikondera. Seva ikagwa, makompyuta onse amene anaika mount ya `hard` amangoima njii. Mukalemba `df` kapena `ls` palibe chikubwera, ndipo mu `dmesg` mupeza mawu akuti "server not responding, still trying". Apa ambiri amathamangira kusintha mount kukhala `soft`. Musatero pa foda imene anthu amalembamo. `hard` imadikira mpaka seva idzuke n'kupitiriza pomwe inalekezera, pomwe `soft` imatopa n'kubweza error, ndipo pulogalamu imene siyang'ana error imeneyo imapitiriza ngati yasunga fayilo chonsecho sinasunge. Seva ikadzuka musadabwenso kuona kuti mafayilo sakutseguka kwa masekondi ngati 90. Imeneyo ndi nthawi imene seva ya Linux imapereka kuti makompyuta atengenso ma lock amene anali nawo. Ingodikirani, osayamba kuizimitsanso.

"Stale file handle" imabwera fayilo ikafufutidwa kwina kompyuta ina ikadaigwira, kapena chizindikiro cha export, foda imene seva ikugawa, chikasintha mutasuntha madisiki. Kuika `fsid=` mu exports kumateteza vuto lachiwirili. Mafayilo onse akamaoneka kuti mwini wake ndi nobody, onani mzere wa Domain mu /etc/idmapd.conf mbali zonse ziwiri. Palinso kena kozunguza mutu: pa `sec=sys` munthu amatumizidwa ndi magulu 16 okha, ndiye amene ali m'magulu ambiri amakanizidwa kulowa foda imene aliyense akuona kuti ali ndi ufulu wolowamo. Mankhwala ake ndi `manage-gids` pa seva. Kufooka kwenikweni kwa NFS kuli pawiri. Seva ndi imodzi, ikagwa zonse zaima. Komanso popanda Kerberos, njira yotsimikizira kuti munthu ndi yemweyodi, imangokhulupirira chilichonse chimene kompyuta yanena, moti amene ali ndi root pa laputopu yake angadzitche UID, nambala yozindikiritsa munthu, ya mnzake. `root_squash` sitseka khomo limenelo.

OpenAFS inamangidwa ndi maganizo ena. AFS inabadwira ku Carnegie Mellon University m'zaka za m'ma 1980, inapita ku kampani ya Transarc, kenaka IBM, imene inaimasula kukhala OpenAFS mu 2000. Anaipangira sukulu yaikulu yokhala ndi anthu zikwizikwi ndi makompyuta osadalirika, n'chifukwa chake Kerberos ili m'kati mwake kuyambira kalekale, ndipo kompyuta iliyonse imasunga cache pa disiki yake. Mafayilo amakhala m'ma volume, mitolo ya mafoda imene seva imasunga ngati chinthu chimodzi, ndipo kukoma kwake kuli pamenepa: `vos move` imasamutsa volume kuchoka pa seva ina kupita pa ina masana dzuwa likuswa mtengo, mwini mafayilo akugwira ntchito, osazindikira kanthu. Pa NFS ntchito yomweyo imafuna kulengeza kuti Loweruka kulibe ntchito.

Koma AFS ili ndi chilankhulo chake, ndipo madandaulo amene amafika kwa inu ambiri sachokera ku kuonongeka kwa chinthu. Wina adzati foda yake yakuyake ikumukana ndi "Permission denied". Muuzeni alembe `tokens`, mupeza kuti token, chiphaso chake cha kanthawi cholowera mu AFS, yatha, ndipo `kinit` ndi `aklog` zikonza. Ntchito za cron ndi zowerengera zotenga masiku zimafa usiku pa chifukwa chomwechi, pokhapokha mutaziyendetsa ndi k5start kapena krenew. Wina adzati wasintha fayilo koma anzake akuonabe yakale. Iye walemba mu volume yolembeka, anzakewo akuwerenga makope owerenga chabe, ndipo palibe amene wapanga `vos release`. Winanso adzalimbana ndi `chmod` tsiku lonse osadziwa kuti AFS imayang'ana ACL ya foda, mndandanda wa ololedwa kulowamo, imene imaoneka ndi `fs listacl`.

Mavuto enieni a seva ali m'malo atatu. Oyamba ndi Ubik, imene imagwirizanitsa maseva osunga database ya ma volume ndi ya anthu. Imafuna kuti ochuluka avomerezane, ndipo akapanda kutero `vos` imayankha "no quorum elected": mafayilo akuwerengeka koma simungapange kapena kusuntha volume. Lembani `udebug` ndi dzina la seva ndi 7003, muone ngati pali seva imene ikudzitcha sync site ndipo Recovery state yake ndi 1f. Achiwiri ndi callback. Seva imalonjeza kompyuta kuti idzaiuza fayilo ikasintha, ndipo uthengawo umabwerera pa UDP 7001, choncho NAT kapena firewall imene imaiwala msanga njira za UDP imabweretsa kuima kosamvetsetseka. Achitatu ndi module ya kernel. Ya OpenAFS sili m'kati mwa Linux, ndiye kernel ikasintha DKMS, imene imamanganso ma module otere, nthawi zina imalephera, ndipo /afs yonse imasowa kompyuta ikadzuka. Mu kernel muli kAFS yakeyake, koma si zonse za OpenAFS zimene imachita mofanana. Amene anali pa ntchitoyi pa 14 January 2021 sangaiwale: nthawi ya Unix itafika pa 0x60000000, cholakwika china mu Rx, njira imene mapulogalamu a AFS amalankhulirana, chinachititsa kuti mapulogalamu a OpenAFS 1.8 amene ayambitsidwa kuchokera nthawi imeneyo alephere kulankhulana, mpaka panatuluka 1.8.7. Tsiku limenelo kuzimitsa ndi kuyatsanso, kumene tonse timathamangira, ndi kumene kunkaonjezera vuto.

Dziwaninso kuti volume yolembeka imakhala pa seva imodzi yokha, makope enawo ndi owerenga chabe. Ndipo database musaiike mu AFS, chifukwa ma lock a zigawo za fayilo sagwira pakati pa makompyuta osiyana.

GlusterFS sinditayirapo nthawi yambiri. Ubwino wake ndi woti mafayilo amakhala monga ali pa brick, foda ya pa seva imene Gluster imasungiramo, nthawi zambiri pa XFS, moti zonse zitasokonekera mutha kulowa pa seva n'kukopera mafayilo anu ndi `cp` wamba. Ilibe seva yosunga metadata, zimene zimachepetsa zoyang'anira koma zimachititsa kuti `ls` mu foda yodzaza timafayilo ting'onoting'ono ichedwe. Matenda ake otchuka ndi split-brain. Maseva awiri a replica 2, osunga makope awiri a fayilo iliyonse, akasiyana kwa kanthawi, aliyense n'kulandira zolemba zake, pokumananso palibe wogonja, ndipo wogwiritsa ntchito amangoona "Input/output error". Lamulo la `gluster volume heal` lokhala ndi `info split-brain` likuonetsani mafayilo okhudzidwa, koma wosankha kope lotaya ndinu. Arbiter, seva yachitatu yosunga metadata yokha, imachepetsa vutoli pa mtengo wochepa. Ndipo brick ndi yowerengapo pa ngozi pokha, kulembamo mwachindunji ndi kudziputira mavuto. Chondiletsa kuilimbikitsa ndi tsogolo lake. Red Hat inagula Gluster mu 2011, koma inasiya kuthandiza Red Hat Gluster Storage kumapeto kwa 2024, ndipo ntchito yoitukula yazilala. Amene muli nayo kale isamaleni uku mukukonza njira yotulukira. Kuyamba nayo lero, ayi.

CephFS ndiyo ili pakamwa pa aliyense. Ceph inayamba ngati kafukufuku wa Sage Weil ku University of California, Santa Cruz, inafika m'manja mwa Red Hat mu 2014 itagula Inktank, ndipo CephFS, mbali yake ya mafayilo, inalengezedwa kuti yakhazikika mu 2016 pamene panatuluka Ceph yotchedwa Jewel. Mwa zinayizi, iyi ndiyo imapirira bwino koposa disiki kapena seva yathunthu ikafa: anthu amapitiriza kulemba, iyo ikudzikonza yokha kuseri. Ndipo imalankhula momveka. `ceph -s` ndi `ceph health detail` zimakuuzani chimene chavuta mosabisa, kusiyana ndi NFS imene imangokhala chete.

Mtengo wake ndiye muuwerengere bwino musanasaine pepala logulira. Mwachizolowezi chilichonse chimasungidwa katatu, ndiye madisiki a 30 TB akupatsani 10 TB, ndipo ngakhale imeneyo simungaidzaze. OSD imodzi, pulogalamu yoyang'anira disiki imodzi, ikafika pa 85 peresenti mumalandira chenjezo, pa 90 imakana kulandira deta yosamutsidwa, pa 95 kulemba kumaima ngakhale madisiki ena ali ndi malo. Muzizolowera kuyang'ana `ceph osd df`, osati chiwerengero chonse. OSD iliyonse imafuna RAM ya pafupifupi 4 GB. Ma monitor, amene amasunga mapu a Ceph yonse, akhale atatu. Maseva atatu ndiwo poyambira, koma imodzi ikafa palibe kwina koika kope lachitatu, ndiye mumakhala pa makope awiri mpaka mutaikonza, ndipo yachiwiri ikagwanso zonse zimaima chifukwa cha `min_size` 2, imene imafuna makope osachepera awiri. Pamenepo pamabwera chiyeso chotsitsa `min_size` kukhala 1 kuti foni isiye kulira. Ndi njira imene anthu ambiri atayira deta.

Mukafuna kuzimitsa seva kuti muikonze, yambani mwalemba `ceph osd set noout`. Mukaiwala, pakatha mphindi 10 Ceph imaona ngati madisikiwo afa ndipo imayamba kusamutsa deta, ndipo pa netiweki ya 1 Gbps aliyense adzamva kuwawa kwake. Mbali ya mafayilo ili ndi MDS yosunga mayina ndi mafoda, imene imafuna inzake yodikirira pambali. Uthenga umene mudzaudziwe pamtima ndi "failing to respond to capability release": kompyuta ina yagwira fayilo n'kukana kuisiya, ndipo ena onse ofuna fayiloyo aima pamzere. Mutha kuichotsa kompyutayo ndi `client evict`, koma zimene inali isanatumize ku seva zimatayika. Kwa ofesi ya anthu 40 yokhala ndi woyang'anira mmodzi, Ceph ili ngati kugula lole kuti muzikagayitsira thumba limodzi la chimanga.

Kwa ife amene magetsi amatha kuzima chipinda chonse nthawi imodzi, jenereta n'kuchedwa, UPS n'kutha mphamvu, pali mayeso ena amene mabuku sakamba kwambiri: zonse zikadzukira pamodzi. NFS apa imapambana. Seva imodzi yadzuka, masekondi 90 adutsa, ntchito yayamba. AFS imafuna Kerberos ndi maseva a database adzuke kaye asankhane, ndipo ma volume amene sanatsekedwe bwino amadutsa mu salvage, kuunikidwa ndi kukonzedwa. Gluster ya replica 2 ndi pamene imagwira split-brain, seva ina ikatsogola kudzuka ndi deta yakale. Ceph imadikira ma monitor agwirizane, ndipo apa wotchi ndiyo mfumu. Kerberos imalekerera kusiyana kwa mphindi 5, pomwe ma monitor a Ceph amayamba kudandaula pa masekondi 0.05 okha. Seva yakale imene kabatire kake ka pa motherboard kanatha imadzuka ili m'chaka china, intaneti yofikira maseva a NTP, ogawa nthawi, isanabwere. Ikani chrony, pulogalamu yogwirizanitsa nthawi, pa seva imodzi ya m'nyumba momwemo, ena onse azitengera nthawi kwa iyo.

Makope atatu si backup. Munthu akalemba `rm` molakwika, Ceph ndi Gluster zimafufuta makope onse mokhulupirika. AFS ili ndi `vos backup` imene imasiya chithunzi cha volume cha dzulo choti mwini wake akatengemo yekha. CephFS imapanga snapshot mukangopanga foda m'kati mwa .snap. Pa NFS mumapeza zomwezo mukaika ZFS, njira yosungira mafayilo pa disiki, pansi pake, ndipo `zfs send` imatumiza zosintha ku seva yachiwiri ya m'nyumba ina.

Njira yomalizayi, NFSv4 pamwamba pa ZFS ndi seva yachiwiri yolandira makope, ndiyo ndingapatse ofesi, labu kapena dipatimenti ya sukulu yokhala ndi woyang'anira mmodzi kapena awiri. Seva yoyamba ikafa padzakhala maola osagwira ntchito, koma njira yonse yobwezeretsa imakwana pa pepala limodzi limene mnzanu angatsate inu muli kumaliro kumudzi. CephFS ndingaitenge ngati pali maseva anayi kapena kuposa, netiweki ya 10 Gbps, ndi anthu osachepera awiri oidziwa, makamaka ngati Ceph yomweyo izisunganso madisiki a ma virtual machine. OpenAFS ikadali ndi malo ake pomwe pali masukulu angapo otalikirana, mizere ya intaneti yofooka pakati pawo, ndi mafayilo owerengedwa kwambiri kusiyana ndi kulembedwa, koma kupeza munthu watsopano woidziwa n'kovuta chaka ndi chaka. Ngati ambiri mwa anthu anu ali pa Windows, mudzafunika Samba, yogawira mafayilo makompyuta a Windows, patsogolo pa chilichonse chimene mwasankha, ndipo foda imodzi musaitsegule kuti izilembedwa kudzera ku Samba ndi ku NFS nthawi imodzi musanayese ngati ma lock a mbali ziwirizi akuonana.