VMware, Proxmox kapena Hyper-V: yambani mwaona kumene madisiki ali

VMware, Proxmox ndi Hyper-V ndi mapulogalamu oyendetsera makompyuta ongoyerekeza ambiri, otchedwa ma VM, pa seva imodzi. Kampani ya Broadcom itagula VMware mu Novembala 2023, laisensi yogula kamodzi n'kukhala nayo mpaka kalekale inathetsedwa mwezi wotsatira. Pano mumalipira chaka ndi chaka, powerengera ma core, tizigawo togwira ntchito ta mkati mwa CPU. Pa 2 Okutobala 2025 vSphere 7, pulogalamu ya VMware ya pa maseva, nayo inasiya kulandira chithandizo, ndiye amene mudakali pa 7 muyenera kukwera ku 8 kapena kusamukira ku Proxmox VE kapena Hyper-V.

Tiyerekeze ndi maseva atatu, iliyonse ili ndi ma CPU awiri a ma core 12. Ma core enieni ndi 72. VMware imawerengera CPU iliyonse ma core osachepera 16, choncho mulipira 96, kuphatikizapo 24 amene mulibe. Windows Server, momwe muli Hyper-V, imafuna osachepera 8 pa CPU ndi 16 pa seva, ndiye pano ndi 72 yomweyo. Proxmox, ya kampani ya ku Vienna, siwerenga ma core: pulogalamuyo ndi yaulere, ndipo chithandizo chimalipiridwa pa CPU iliyonse, pano 6. Koma musafulumire kuwomba m'manja. Ngati ma VM anu ndi a Windows Server, laisensi ya Microsoft muilipira ndithu kaya pansi pali chiyani. Laisensi ya Windows Server Standard imalola ma VM awiri okha, Datacenter ilibe malire, ndipo amene anagula kale Datacenter ali ndi Hyper-V m'manja popanda kuwonjezera kalikonse.

Nkhani yaikulu ili pa madisiki. Mphamvu ya VMware yagona pa VMFS, kasanjidwe kake ka mafayilo: LUN imodzi (chigawo cha malo osungira) ya pa SAN (nkhokwe ya madisiki yolumikizidwa ku maseva) imaonedwa ndi maseva onse, snapshot (chithunzi cha VM chomwe mutha kubwererako) n'kumatheka, disiki ya VM n'kumakula malinga ndi zomwe zalembedwamo. Hyper-V imachita zofanana kudzera mu Cluster Shared Volumes, bola LUN ya pa SAN muikonze ndi kasanjidwe ka mafayilo ka NTFS. Mukaika kasanjidwe kena kotchedwa ReFS, zolemba zonse zimadutsira pa seva imodzi kudzera pa netiweki, liwiro n'kutsika popanda uthenga uliwonse wokuchenjezani.

Proxmox apa ndi pamene imatsimphina. Pa SAN ya iSCSI kapena Fibre Channel imagwiritsa ntchito LVM, njira ya Linux yogawira madisiki, imene imatenga malo onse a disiki tsiku loyamba lomwelo, ndipo snapshot pamenepo sinkatheka mpaka Proxmox 9.0 ya mu Ogasiti 2025, momwe inabwera ngati yongoyesera. Kumene imawala ndi pa madisiki a mkati mwa seva, kudzera mu njira ziwiri zosungira deta, ZFS ndi Ceph. ZFS imakopera VM ku seva inzake mphindi zingapo zilizonse, ndipo Ceph imaphatikiza madisiki a maseva atatu kapena kuposerapo kukhala nkhokwe imodzi. Zonse ziwiri zimafuna kuona disiki yeniyeni, choncho khadi la RAID lichoke kapena likhale pa HBA, pomwe limangoonetsa disiki iliyonse mmene ilili. Ceph pa netiweki ya 1 Gb ndi kudzizunza; yambirani pa 10 Gb. Ndipo ngati RAM ikuoneka ngati yadyedwa, onani ZFS: pa maseva oikidwa Proxmox 8.1 isanatuluke imatha kutenga theka la RAM yonse, mpaka mutaiikira malire pa zfs_arc_max.

Seva imodzi ikafa, zitatuzi zimasiyananso. Ku VMware, HA (High Availability) imadzutsa ma VM kwina ngakhale vCenter, pulogalamu yoyang'anira maseva onse, itazima, ndipo gawo lina lotchedwa DRS limagawa katundu pakati pa maseva lokha, chinthu chimene Proxmox 8 ndi 9.0 zilibe. Proxmox imadalira mavoti a Corosync, pulogalamu yomwe maseva amadziwitsirana kuti adakali moyo. Pa maseva awiri okha, imodzi ikazima yotsalayo ilibe mavoti okwanira, /etc/pve, momwe mumakhala makonzedwe a ma VM, imakana kulembedwa, VM siidzuka. Mankhwala ake ndi QDevice, voti yachitatu yomwe ikhoza kukhala pa kakompyuta kakang'ono ka Debian. Corosync ipatseni waya wakewake: ikagawana waya ndi backup ya usiku, mauthenga ake amachedwa, seva n'kuganiza kuti yatsala yokha, watchdog (mlonda woyang'anira seva) n'kuiyambitsanso pakatha pafupifupi masekondi 60, ma VM onse ali mkati. Hyper-V imafunanso witness, voti yake yachitatu, pa maseva awiri, ndipo ndi nzeru kusunga domain controller (seva yosunga maakaunti a Windows) imodzi kunja kwa cluster, gulu la maseva ogwirira ntchito limodzi.

Kusamuka kwenikweni ndi kumene kumatuluka thukuta. Kuyambira 8.2 ya mu Epulo 2024, Proxmox ili ndi chida chokokera VM kuchokera ku ESXi, pulogalamu ya VMware yoikidwa pa seva iliyonse, mwachindunji. Musanazime VM, chotsani VMware Tools, lembani IP yake, fufutani ma snapshot akale, ndipo ngati pali BitLocker, loko wa disiki wa Windows, iyimitseni n'kusunga kiyi yake, chifukwa vTPM, momwe kiyiyo imasungidwa, siisamuka. VM yoyambira pa UEFI, njira yatsopano yolowa m'malo mwa BIOS, iikeni pa OVMF (UEFI ya ku Proxmox) ndi EFI disk. Mukaisiya pa SeaBIOS, yomwe ndi BIOS yachikale, siipeza poyambira. Windows ikatulutsa sikirini ya buluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, ndiye kuti mwaika disiki pa VirtIO SCSI dalaiva wake asanalowe. Ibwezeni pa SATA, wonjezerani kadisiki ka 1 GB pa SCSI, ikani dalaiva kuchokera pa ISO ya virtio-win, zimitsani, kenako sunthani disiki yaikuluyo. Linux nthawi zambiri imadzuka bwino koma yopanda netiweki, poti khadi lomwe linali ens192 tsopano ndi ens18. Kupita ku Hyper-V, fayilo ya disiki ya VMDK imasinthidwa kukhala VHDX, ndipo lamulo ndi lomwelo: BIOS ipite ku Generation 1, UEFI ku Generation 2. Linux pa Generation 2 imakana kudzuka mpaka Secure Boot mutaiika pa Microsoft UEFI Certificate Authority.

Otsala pa VMware, pokwera ku 8 yambani ndi vCenter, ma ESXi pambuyo, ndipo fufuzani kaye ngati CPU ndi makhadi anu ali pa mndandanda wa zololedwa mu 8. Ma Xeon akale ambiri anachotsedwamo, pamene Proxmox amawalandira osanyinyirika. ESXi yaulere inabwerera mu Epulo 2025, koma silowa mu vCenter, ndiye ya cluster iwalani.

Amene muli ndi SAN yomwe idakali ndi moyo komanso ma VM ambiri a Windows, Hyper-V ndiyo njira yaifupi. Amene mukugula maseva atsopano ndipo muli ndi munthu wosaopa Debian, tengani Proxmox ndi ZFS kapena Ceph. VMware ikuyenerabe malo amene pulogalamu ya bizinesi imavomerezedwa ndi eni ake pa vSphere pokha, choncho afunseni musanasunthe kanthu. Backup nayo iyeseni: Veeam, pulogalamu ya backup, inayamba kugwira Proxmox pa Veeam 12.2, ndipo VM imodzi muibwezeretse pa malo atsopanowo maseva akale musanawafufute.