Chakale chenicheni kapena chatsopano chooneka chakale?

Nyengo iliyonse masitolo amadzaza ndi katundu wa m'nyumba wooneka ngati wamakedzana: nyali za mkuwa, mawailesi a matabwa, magalasi odziyang'anira a mafelemu agolide. Mugule zimenezi, kapena muvutike kusaka chakale chenicheni?

Pa zamatabwa, ine mtima wanga uli pa chakale. Mipando ya ku Denmark ya m'ma 1950 ndi 1960 inkapangidwa ndi matabwa enieni a teak kapena oak. Ikakalika mumangoipala ndi sandipepala n'kuipaka mafuta, basi yabwerera mwakale. Kabati yatsopano yongotengera maonekedwe amenewo nthawi zambiri imakhala ya utuchi wopanikizidwa, wokutidwa ndi kachikopa kopyapyala. Madzi akangolowa imafufuma, ndipo kalipentala sangaichitire kanthu. Komabe chakalecho muchitembenuze musanalipire. Timabowo ting'onoting'ono ndi kaufa pansi pake n'chizindikiro choti chafumbwa.

Pa zamagetsi zinthu zimatembenuka. Nyali ya m'ma 1930 ndi yokongola zedi, koma mphira wokuta mawaya ake umauma n'kumanyenyeka, ndipo zambiri zilibe waya wa efi, woteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi. Yatsopano mumangolumikiza n'kuyatsa. Yakaleyo iyambe yaonedwa ndi wamagetsi.

Penti nayenso ngwofunika kusamala. Wakale ankakhala ndi mtovu, womwe ndi poizoni m'thupi, mpaka dziko la United States linauletsa mu penti wa m'nyumba mu 1978. Ngati m'nyumba muli mwana wokonda kuluma zinthu, kabedi kakale kopentedwa kasiyeni, ngakhale katakukopani chotani.