Sukulu ya Sekondale ya Boma ya Dedza: Zimene Ndaona Patatha Matemu Atatu

Mwana wanga atangoyamba Fomu 1 pa sukulu ya sekondale ya boma ya Dedza, imene ambiri amangoitchula kuti Box 48, ndinalemba mwachidule kuti ndinali wokhutira. Kunena zoona, chimwemwe chimenecho chinachokera pa mbiri ya sukuluyo, osati pa zimene ndinali nditaona ndi maso anga. Tsopano matemu atatu atha, ndipo ndikulankhula monga kholo limene lalandira malipoti atatu, lakamuyendera mnyamatayu kangapo, komanso lamvetsera nkhani zake pa tchuthi.

Mbiri imene inandikopa ili ndi maziko. Sukuluyi inatsegulidwa mu 1951, pamene masekondale m'dziko la Nyasaland anali owerengeka, ndipo inabwera pambuyo pa Blantyre Secondary School ya mu 1940 ndi Zomba Catholic ya mu 1942. Malemu Bingu wa Mutharika, amene analamulira dziko lino kuyambira 2004 mpaka 2012, anaphunzira pomwepa, chimodzimodzinso mng'ono wawo Arthur Peter Mutharika, amene anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko koyamba mu 2014. Ine ndinkaganiza kuti mayina amenewa adzangomupatsa mwana wanga chonyadira, koma anamupatsa chinthu china cholemera kuposa pamenepo. Iye anandiuza kuti anyamata amakumbutsana mayinawo makamaka nthawi ya mayeso, ndipo aliyense amadziona kuti ali ndi ngongole kwa amene anakhalapo m'makalasi amenewo iye asanabadwe.

Temu yoyamba inali yowawa. Ku pulayimale mnyamatayu ankakhala nambala wani chaka ndi chaka, koma lipoti lake loyamba la ku Dedza linamuika pakati pa kalasi, ndipo anabwera ku tchuthi cha Khirisimasi ali wokhumata. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa: ana amene amasankhidwa kupita ku masekondale otere ndi amene anakhoza bwino kwambiri mayeso a Sitandade 8 m'maboma osiyanasiyana, choncho pafupifupi aliyense m'kalasimo anali katswiri kwawo.

Amene anamudzutsa ndi aphunzitsi ake a masamu, bambo wodekha amene dzina lawo silidzamveka pa wailesi ngati la atsogoleri aja. Iwo anaona kuti mwanayu amapeza yankho m'mutu koma salemba njira yake, ndipo kwa milungu ingapo ankamubwezera kope lake mpaka atasonyeza sitepe iliyonse. Poyamba iye ankati akumuzonda, koma pofika temu yachitatu anali akuthandiza anzake kuwerenga nthawi ya madzulo. Ndikamva anthu akutama sukuluyi potchula akuluakulu amene anadutsapo, ndimalakalaka atatchulanso aphunzitsi otere, chifukwa ndi amene akugwira ntchito imene ine ndinatumizira mwana wanga kumeneko.

Moyo wogonera pasukulu wamusinthanso. Amachapa yekha, amasunga ndalama ya m'thumba mpaka kumapeto kwa temu, ndipo akutha kupereka moni m'Chitumbuka ndi m'Chiyao chifukwa cha anzake a m'hositelo. Cholakwa chachikulu m'chaka chonsechi chinali changa, pakuti ndinapeputsa kuzizira kwa ku Dedza. Ndinamupatsa bulangete limodzi lokha, ndipo mwezi wa Juni, pamene chisanu chimaluma kwambiri m'dera lamapiri limeneli, anadwala chimfine kwa sabata yathunthu.

Chaka chikubwerachi alemba mayeso a JCE, ndipo wandipempha kale kuti pa tchuthi chino ndisamutume ku chigayo m'mawa, chifukwa aphunzitsi aja anamupatsa mafunso oti akawasonyeze tsiku lotsegulira sukulu. Ndavomera ndi mtima wonse, ndipo m'sutikesi yake ndaikamo mabulangete awiri ndi juzi yochindikala.