Tinsalu topukutira zikope ta tea tree: ndemanga yanga patatha miyezi inayi

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo ndaimana, ndipo chifukwa chake ndichinena.

Kwa zaka ziwiri ndinkadzuka maso atamatirira. M'mphepete mwa zikope munali mofiira ndi motupa, ndipo kuyabwa kunkakula kwambiri m'bandakucha, moti ndinkadzidzimuka ndili kale m'kati motikita maso. Masana m'maso munkakhala ngati mwagwera mchenga. Anzanga kuntchito ankandifunsa ngati ndalira. Ndinayesa mankhwala odontheza m'maso a mitundu itatu, onse ankangoziziritsa kwa kanthawi basi. Nthawi yomweyo masaya ndi mphuno zinkatuluka tiziphuphu, nkhope n'kumatentha ngati ndawotha moto pafupi. Ine ndinkayesa kuti ndi matenda awiri osiyana.

Amene anandimasulira nkhaniyi ndi dokotala wa maso. Anandiuza kuti ndiyang'ane pansi, iwo n'kuunika zikope ndi makina awo owala aja, kenako anandionetsa chithunzi chokulitsidwa. Patsinde pa titsitsi ta m'zikope panali tinthu toyera tokulunga katsitsi kalikonse ngati mphete. Ndinkati ndi manthongo ouma. Adokotala anati ayi, ndi zinyalala zosiyidwa ndi tizilombo totchedwa Demodex, ndipo mphete zimenezi ndiye chizindikiro chake chenicheni.

Kunena zoona, tsiku limenelo thupi linandinyerenyetsa mpaka usiku. Tizilomboti ndi ta m'gulu limodzi ndi nkhupakupa ndi akangaude, tili ndi miyendo 8, ndipo sitikwana ndi theka lomwe la milimita, n'chifukwa chake simungatione ndi maso. Pa munthu pamakhala mitundu iwiri. Demodex folliculorum timakhala m'timabowo momera tsitsi, pamene Demodex brevis, tomwe n'tatifupi, timalowa m'kati mwa timatumba totulutsa mafuta. Timadya mafuta a pakhungu ndi timaselo ta khungu, ndipo timatuluka n'kumayenda usiku. Chimene chinanditonthoza mtima n'chakuti pafupifupi munthu wamkulu aliyense ali nato. Si nkhani ya uve. Vuto limabwera tikachulukitsa, ndipo anthu odwala rosacea, matenda a khungu la kumaso omwe ndinapezeka nawo pambuyo pake, amakhala nato tambiri kuposa ena. Ndiye kuti maso ndi masaya anga zinali ndi gwero limodzi.

Tsopano za tinsaluto, tomwe ntchito yake ndi kupha tizilomboti m'zikope. Kalikonse kali m'kapepala kake komata, konyowa kale ndi mankhwala ochokera ku mafuta a mtengo wa ku Australia wotchedwa tea tree (dzina lake lasayansi ndi Melaleuca alternifolia). Chimene chimapha tizilombo m'mafutawo ndi terpinen-4-ol, choncho pogula werengani ngati dzinali lalembedwa. Kagwiritsidwe kake: ndimasamba m'manja, ndimakulunga kansalu kuchala, ndimatsinzina, kenako ndimapukuta cham'mbali patsinde penipeni pa titsitsi, osati pamwamba pa chikope pokha. Diso lina ndimagwiritsa mbali ina ya kansaluko. Ndikatha ndimakhalabe chitsinzinire pafupifupi mphindi imodzi.

Mphindi imodziyo musaiphonye, anzanga. Tsiku loyamba ndinatsegula maso msanga, ndipo ululu wake ndinagwira m'mphepete mwa sinki misozi ili chuchuchu. Fungo lakenso ndi lamphamvu, limalowa mpaka m'mphuno. Patapita masiku asanu kapena asanu ndi limodzi khungu linazolowera, kunangotsala kuzizirira kokoma.

Milungu iwiri yoyamba sindinaone kusintha kulikonse, ndipo ndinatsala pang'ono kutaya bokosi lonse. Apa ndi pamene nyenyezi yachisanu yathera. Kapepala ka malangizo sikananene kuti munthu ayembekezere nthawi yaitali bwanji. Anali adokotala amene anandifotokozera kuti kachilombo kamatenga pafupifupi milungu iwiri kuchoka pa dzira kufika pokula, ndiye ukapha takuluakulu, mazira amaswa tina. Anati ndipitirize m'mawa ndi madzulo kwa milungu isanu ndi umodzi osadumphitsa. Ndikukhulupirira kuti pali anthu ambiri amene anasiyira panjira n'kumati tinsaluti n'tachabechabe, chonsecho anangosowa wowauza zimenezi. Chinanso, khungu la pansi pa maso linauma mpaka kusuwa, ndipo ndinachita kudzipezera ndekha mafuta odzola opanda fungo.

Mlungu wachinayi ndinadzuka tsiku lina, ndinatsegula maso, ndipo anangotseguka. Popanda kumatula ndi zala, popanda kuthamangira madzi. Ndinakhala kaye pabedi ndikuphethira, osakhulupirira. Pofika mlungu wachisanu ndi chiwiri mphete zoyera zija zinali zitatsala apo ndi apo, kuyabwa kwa m'bandakucha kutatheratu.

Sikuti tinsaluti tinagwira ntchito tokha. Madzulo aliwonse ndimayamba ndaika kathaulo kofunda pamaso kwa mphindi 10, kuti mafuta ouma m'timabowo ta m'mphepete mwa zikope asungunuke. Mafuta amenewa ndi amene amateteza misozi kuti isamaume msanga. Nsalu za pilo ndi mathaulo ndimachapa ndi madzi otentha mlungu uliwonse, ndipo masikara (zopaka titsitsi ta m'zikope) akale onse ndinataya ngakhale mtima unkawawa.

Pamasaya tinsaluti sitinathandize, ndipo musatigule ndi chiyembekezo chimenecho. Dokotala wa khungu anandilembera kirimu wa ivermectin wa 1%, wopaka kamodzi patsiku, kadontho kakang'ono pachipumi, pamphuno, pachibwano ndi patsaya lililonse, kutali ndi maso ndi milomo. Kirimuyu anavomerezedwa ku America ndi bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA mu 2014 kuti azichiza tiziphuphu ta rosacea, ndipo amapha tizilombo komanso kuchepetsa kutupa. Kwa ine tiziphuphu tinayamba kuphwa pakutha pa mwezi woyamba. Kutentha kwa nkhope kumabwerabe ndikakhalitsa padzuwa kapena ndikamwa chakumwa chotentha kwambiri, chifukwa rosacea sithereratu, imangogona.

Kwa ife a khungu lakuda ndili ndi mawu apadera. Kufiira kwa rosacea sikuoneka bwino pa ife, ndiye ambiri timauzidwa kuti ndi ziphuphu wamba. Inenso ndinapakapo kirimu wa steroid (mtundu wa mankhwala ochepetsa kutupa ndi kuyabwa) amene mnzanga anandipatsa mwachifundo. Khungu linasalala kwa masiku ochepa, nditasiya zinabuka moposa kale. Chonde musayese. Ndipo musatenge mafuta a tea tree osasungunula n'kupaka pafupi ndi diso pofuna kuchira msanga. Amawotcha, komanso ndi poizoni akamwedwa, choncho muziwaika patali ndi ana.

Alipo mankhwala odontheza m'maso opangidwira tizilomboti mwachindunji, a lotilaner, omwe amagulitsidwa pa dzina la Xdemvy. FDA inawavomereza mu 2023, ndipo amadonthezedwa kawiri patsiku kwa milungu isanu ndi umodzi. Ine sindinawagwiritsepo, koma ngati tinsalu takukanikani, afunseni adokotala anu.

Pano ndimapukuta kamodzi patsiku, madzulo okha. Mwezi watha ndinapita paulendo n'kuiwala tinsaluti kunyumba, ndipo pofika tsiku lachisanu ndi chitatu kuyabwa kunayambanso kumveka patali. Nditangobwerako ndinaitanitsa mabokosi ena awiri, ndipo limodzi limakhala m'chikwama cha paulendo.