Bible App ya YouVersion pophunzira za Ufumu wa Mulungu: Malemba alimo, koma muyikonze kaye

Bible App, imene ambiri amangoitchula kuti YouVersion, ndi pulogalamu ya Baibulo ya pa foni, ya mpingo wa Life.Church wa ku Oklahoma, ku America, ndipo inatuluka mu 2008. Ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, ndipo muli Mabaibulo a Chichewa. Pano tikuyiyeza pa ntchito imodzi yokha: kuthandiza mtsogoleri wa mlaga, mphakati kapena selo amene akufuna kuti gulu lake liphunzire za Ufumu wa Mulungu, kugonjera Mulungu ngati Mfumu ndi kuika zake patsogolo. Pa kuwerenga ndi kufananitsa ndime, pulogalamuyi ndi yabwino zedi. Koma mukaisiya mmene imabwerera, imazoloweretsa munthu kudya vesi limodzilimodzi lodulidwa pa nkhani yake, ndipo mutu wa Ufumu umapotoka msanga ukawerengedwa choncho.

Tiyambe ndi kuyika. Pa Play Store pali mapulogalamu ambiri olembedwa kuti Chichewa Bible, ena odzaza ndi zotsatsa zongotulukira pakati pa chaputala. Yang'anani dzina la mwini pansi pa chithunzi: likhale Life.Church. Amene foni yawo ili ndi malo ochepa, monga itel kapena Tecno yotsika mtengo, atenge Bible App Lite, yomwe ndi yopepuka ndipo anaipangira malo amene netiweki imavuta. Bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha sigwira pano. Pafunika bandulo ya intaneti yonse, kaya ya Airtel kaya ya TNM, ngakhale yaing'ono, chifukwa Baibulo la zolemba zokha silidya deta yambiri. Mukatsegula, pitani pa Bible, dinani chidule cha dzina la Baibulo chimene chili pamwamba, sankhani chinenero, lembani Chichewa, kenako dinani Download pa limene mukufuna. Ambiri amalumpha sitepe yomalizayi. Amaona mawu akutseguka n'kumayesa kuti alowa m'foni, tsiku la mapemphero bandulo itatha n'kupeza sikirini ili mbee. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani foni pa airplane mode, tsegulani Danieli 4 kapena buku lina lomwe simunatsegulepo. Likatseguka, ndiye kuti zatheka.

Akaunti musaipeputse. Zonse zimene mwalemba ndi mavesi amene mwapaka utoto zimasungidwa pa akaunti, osati m'foni mokha. Vuto lodziwika ndi la anthu amene imelo yawo anawatsegulira mnyamata wa pa shopu ya mafoni kumsika, pasiwedi osaidziwa. Foni ikabedwa, zolemba za chaka chathunthu zimapita nayo. Lembani imelo ndi pasiwedi kuchikuto cha buku la nyimbo.

M'Chichewa mudzapezamo Buku Lopatulika, limene linamalizidwa mu 1922 ndipo lakonzedwa kangapo, Buku Loyera la 1998 la Bible Society of Malawi, lomwe lili ndi mabuku ena amene Akatolika amawerenga, ndi Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero la Biblica. Dawunilodani awiri. Gulu la CCAP kapena la Pentekoste nthawi zambiri limayambira pa Buku Lopatulika chifukwa ndi limene makutu anazolowera, koma achinyamata amamva msanga Buku Loyera kapena la Chalero. Mukadina vesi n'kusankha Compare, onse amaima pa sikirini imodzi. Ntchito yomwe kale inkafuna Mabaibulo atatu pa mphasa tsopano ikutheka ndi chala chimodzi, ndipo apa pulogalamuyi ndi yoyamikika popanda kukayika.

Pofufuza mawu ndi pomwe atsogoleri ambiri amasochera. Munthu amalemba "Ufumu wa Mulungu" n'kutenga zimene zatulukazo ngati ndime zonse za mutuwu. Ayi ndithu. Mateyu amakonda kunena kuti Ufumu wa Kumwamba, koposa ka 30, ndipo Ufumu wa Mulungu amautchula malo ochepa chabe, monga 12:28, 19:24, 21:31 ndi 21:43. Ndiye kuti mafanizo a mu Mateyu 13 sangatuluke. Ngakhale vesi lenileni la mutuwu, Mateyu 6:33, mu Buku Lopatulika limati "Ufumu wake", choncho nalonso likhoza kutsala. Fufuzani katatu: Ufumu wa Mulungu, Ufumu wa Kumwamba, kenako mfumu. Mu Chipangano Chakale kumbukirani kuti Buku Lopatulika limati Yehova pomwe Buku Loyera limati Chauta. Ndipo ngati mwasankha Buku Lopatulika la kalembedwe kakale, lomwe limalemba "cilungamo cace", mawu olembedwa ndi ch sangakupezereni kanthu. Izi muzichitira kunyumba intaneti ili yoyatsa, mavesiwo n'kuwalemba papepala.

Tsopano pa chimene chikuvuta kwambiri. Tsamba loyamba la pulogalamuyi limakulonjerani ndi Verse of the Day, vesi limodzi patsiku, ndipo pali batani loliika pa chithunzi chokongola kuti mutumize pa WhatsApp. Mateyu 6:33 amayenda kwambiri pa ma status mwanjira imeneyi: "Koma muthange mwafuna Ufumu wake ndi chilungamo chake", kenako lonjezo lakuti zonse zimenezo zidzawonjezedwa. Woliona lili lokha amadzaza yekha "zonse zimenezo" ndi galimoto, visa, puloti ku Area 49. Koma vesi 25 ndi 31 anena kale kuti zinthuzo ndi ziti: chakudya, chakumwa ndi chovala. Vesi 24 lanena kuti munthu sangatumikire Mulungu ndi chuma. Chithunzi chija chimadula zonsezi, ndipo lamulo lakuti mugonjere Mfumu limasanduka njira yopezera katundu. Si kuti opanga pulogalamu anafuna zimenezo. Ndi mmene vesi limakhalira likaima lokha.

Mankhwala ake ali mu pulogalamu momwemo. Pa vesi la tsiku pali njira yotsegulira chaputala chonse. Lamulo la gulu likhale lakuti palibe wotumiza vesi asanawerenge chaputala chake. Pa Mateyu 6 muyambire pa vesi 19 mpaka 34, osadumpha. Sabata yotsatira tsegulani Luka 12:13-34, pomwe mawu omwewo akubwera pambuyo pa munthu wofuna kuti Yesu awagawire chuma chamasiye iye ndi mbale wake, ndi fanizo la mwini chuma amene anaganiza zopasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu. Luka akangonena za kufuna Ufumu pa vesi 31, pa vesi 33 akuti gulitsani zimene muli nazo, mupatse osauka. Gulu limene lawerenga Luka silingabwerere ku Mateyu 6:33 ndi maganizo a galimoto. Pakani utoto umodzi pa zimene Mfumu ikulamula, wina pa zimene ikulonjeza; mitundu iwiri yokha, chifukwa ikachuluka palibe amene amakumbukira tanthauzo lake. Pa Mateyu 6:19-34 anthu amadabwa kuona kuti utoto wa malamulo ndi umene wachuluka.

Maphunziro okonzedwa kale, omwe amawatcha Plans, ambiri ndi a Chingerezi, ndipo ambiri ndi a masiku ochepa, vesi limodzi kapena awiri ndi ndemanga yaitali ya wolemba. Sakhala ofanana kulemera kwake, poti olemba ake ndi ochokera m'mipingo ndi mabungwe osiyanasiyana. Pa mutu uwu ndi bwino mtsogoleri akonze yekha. Milungu isanu ndi umodzi imakwana: 1 Samueli 8, pomwe Aisraele akupempha mfumu ndipo Mulungu akuuza Samueli pa vesi 7 kuti akana Iye, Masalimo 93 ndi 95 mpaka 99, Danieli 4, Nebukadinezara akudya udzu mpaka atavomereza kuti Wam'mwambamwamba ndiye wolamulira maufumu a anthu, Mateyu 6, Luka 12, ndi Mateyu 13, makamaka chuma chobisika m'munda ndi ngale ya mtengo wapatali pa mavesi 44 mpaka 46, pomwe anthu awiri akugulitsa zonse. Kuyambira mu Chipangano Chakale kumathandiza kuti gulu limve kaye kuti pali Mfumu, lisanafike pa zimene Mfumuyo ikupereka.

Streak, yomwe imawerenga masiku otsatizana amene mwatsegula pulogalamu, ena imawathandiza kuzolowera. Koma imawerenga kutsegula, osati kumvera, ndipo munthu akhoza kufika masiku 200 akungosuzumira. Pa Settings mukhoza kuzimitsa mauthenga ambiri n'kusiya chikumbutso chimodzi pa ola limene mumawerengadi.

Za mawu omvera: si Baibulo lililonse lili nawo, yang'anani chizindikiro cha sipika. Amathandiza agogo ndi onse ovutika kuwerenga, koma amadya deta kuposa zolemba, ndipo kudawuniloda zolemba sikutanthauza kuti mawunso alowa. Gulu lakumudzi lofuna kumvera mlungu uliwonse liyesenso Bible.is ya Faith Comes By Hearing, yomwe anaipangira kumvera. Zilembo zimakulitsidwa pa batani la Aa. Kwa okalamba muwakonzeretu. Mabatani pafoni zambiri za kuno amaoneka m'Chingerezi, ndiye patulani mphindi khumi tsiku loyamba kuti achinyamata aonetse akuluakulu podina.

Pa msonkhano weniweni foni zonse zikhale pa airplane mode, apo ayi uthenga wa gulu la banki mkhonde udzalowa pakati pa Salimo 97. Magetsi akazima madzulo, kuchepetsa kuwala kwa sikirini kumasunga batire, komabe pakhale Baibulo limodzi lapepala patebulo, ndipo wowerenga mokweza aziwerenga limenelo, chifukwa papepala maso amaona ndime ya pamwamba ndi ya pansi nthawi imodzi pomwe sikirini imangoonetsa mavesi ochepa.